Wailesi ya pa intaneti ku Lifidzi: zida n'zochepa, ntchito yaikulu ndi kufunafuna nyimbo

Munthu woyenda m'misika ya m'boma la Angónia, kuchokera ku Ulónguè kudzera ku Lifidzi mpaka ku Dómuè, kapena kulowera kuchipata cha Calómuè, amamva nyimbo paliponse: m'mabaraka, pazigayo, panjinga zamoto ndi m'mafoni a anyamata ogulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu. Akatchera khutu bwino amapeza kuti zambiri mwa nyimbozo n'zochokera ku Lilongwe, Blantyre, Lusaka, Maputo ndi Johannesburg. Oimba a konkuno alipo ndithu. Pali makwaya a m'mipingo, magulu a ngoma ndi a chintali, ndi anyamata oimba magitala opanga okha. Koma nyimbo zawo zambiri zimathera pabwalo pamene zaimbidwira.

N'chifukwa chake pakati pa achinyamata odziwa za mafoni ndi makompyuta pamabuka funso lakuti: kodi munthu wa kumudzi angathe kutsegula wailesi yake pa intaneti n'kumaulutsa nyimbo za kwawo? Yankho n'lakuti angathe, ndipo zida zake si zambiri. Koma asanagule kanthu ayenera kumvetsa zinthu zitatu: amene amalipira kuti mawuwo afike kwa womvera, kumene nyimbo zatsopano zidzachokere, ndi chimene eni nyimbozo adzapindule.

Kusiyana kwake ndi wailesi ya FM

Wailesi ya FM, monga ya Rádio Moçambique kapena wailesi ya m'dera ya ku Ulónguè, imatumiza mawu mumlengalenga kuchokera pamlongoti. Aliyense amene ali ndi kawailesi ka mabatire, kapena foni yokhala ndi FM, amamva osalipira kanthu. Kaya omvera akhale 10 kaya 10,000, mlongoti ndi womwewo ndipo magetsi ake ndi omwewo. Malire ake ndi mtunda ndi mapiri. Mawu a FM sadziwa chipata cha dziko, n'chifukwa chake mawailesi a ku Malawi monga MBC ndi Zodiak amamveka m'midzi yambiri ya m'malire. Kuti munthu akhale ndi wailesi yotere ku Moçambique amafunika chilolezo: ofesi ya GABINFO ndiyo imalembetsa nyumba zofalitsa nkhani, ndipo bungwe la INCM ndilo limagawa manambala oulutsirapo. Khomo lakuti pakhale mawailesi osakhala a boma lidatsegulidwa ndi lamulo la atolankhani la mu 1991.

Wailesi ya pa intaneti ilibe mlongoti. Muulutsi amatumiza mawu kuchokera pakompyuta kapena pafoni yake kupita kumakina ena otchedwa seva, amene kawirikawiri amakhala kudziko lina. Womvera aliyense akatsegula adiresi ya wailesiyo, seva imamutumizira mawuwo payekhapayekha, monga mipope yambiri yochokera pathanki imodzi. Choncho mtunda si vuto: wa ku Lifidzi ndi wa ku Johannesburg amamva chimodzimodzi. Koma mpope uliwonse uli ndi mtengo wake, ndipo womvera ndiye amalipira ndi mamega a m'foni mwake. Njirayi si yatsopano kunja kuno. Mu November 1994 wailesi ya ophunzira yotchedwa WXYC, ya ku Chapel Hill m'dziko la America, idayamba kuulutsa mapulogalamu ake pa intaneti. Lero pali tsamba lotchedwa Radio Garden, lomwe lidayamba ku Netherlands mu 2016, pamene munthu amazungulitsa chithunzi cha dziko lapansi n'kusankha wailesi ya mzinda uliwonse womwe akufuna.

Zida zofunika

Poyambira pamafunika kompyuta ya m'manja kapena foni yamphamvu, maikolofoni imodzi, zomvera za m'makutu, netiweki yosadukaduka ndi magetsi odalirika. Kumene mawaya a EDM sanafike, sola ndi batire zimakwanira. Mapulogalamu a pakompyuta ogwirira ntchitoyi ambiri ndi aulere: Audacity ndi yodulira ndi kukonzera mawu ojambulidwa, Mixxx ndi yosanjira ndi kuseweretsera nyimbo, BUTT ndi yotumizira mawu kuseva. Seva yeniyeniyo imachita kubwerekedwa. Makampani ena amalipiritsa pamwezi, ena amapereka malo aulere koma amalowetsamo malonda awo.

Chinthu chothandiza kwambiri kwa muulutsi amenenso ndi mlimi n'chakuti maseva ambiri amatha kuseweretsa okha nyimbo zimene adasungiridwa kale. Munthu amakweza nyimbo ndi mapulogalamu kamodzi, n'kukonza ndandanda yake, ndipo wailesi imapitirira kulira iye ali kumunda kukapalira kapena kudimba kukathirira. Akafuna kulankhula ndi omvera nthawi yomweyo amalumikiza maikolofoni madzulo, akamaliza n'kubwezera makinawo pantchito yake.

Masamu a mamega

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mawu a pa intaneti amayezedwa ndi kuchuluka kwa zimene zikudutsa pasekondi iliyonse, ndipo muyeso wake umalembedwa kuti kbps. Wailesi youlutsa pa 128 kbps imamveka bwino kwambiri, koma imadya mamega pafupifupi 58 pa ola limodzi. Ya pa 64 kbps imadya pafupifupi 29, ndipo ya pa 32 kbps imadya pafupifupi 14. Mlimi womvera maola 2 tsiku lililonse pa 64 kbps amakhala atatha mamega opitirira 1,700 pakutha pa mwezi. Ndalama imeneyo m'nyumba zambiri ndi ya sopo, mchere ndi chigayo. Muulutsi nayenso, akamalankhula nthawi yomweyo, amatha mamega ofanana ndi omwewo potumiza mawu ake kuseva.

Choncho wailesi yofuna kumvedwa m'midzi imasankha muyeso wotsika. Pa nkhani ndi zokambirana 32 kbps imakwana. Pa nyimbo 48 kapena 64 kbps n'njokwanira pa kasipika ka foni. Muyeso wotsika umathandizanso kumene netiweki ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel imafika mofooka, chifukwa mawu saduka kawirikawiri.

Palinso njira ina yomwe imagwirizana ndi mmene anthu akuchitira kale. Pulogalamu ya mphindi 30 yojambulidwa pa 32 kbps imalemera mamega 7 ndi pang'ono. Munthu mmodzi akaitsitsa pa WhatsApp ali pamalo pamene netiweki ikugwira, angathe kuigawira mudzi wonse kudzera pa Bluetooth kapena pamemori khadi popanda wina kulipiranso. Wailesi yanzeru imachita zonse ziwiri: imaulutsa pa intaneti, ndiponso imatumiza mapulogalamu ake ngati mafayilo ang'onoang'ono.

Omvera ake enieni ndani?

Masamu amenewa akusonyeza kuti wailesi ya pa intaneti singalowe m'malo mwa FM kumudzi. Uthenga wa mvula, wa katemera wa ziweto kapena wa tsiku logulitsa fodya udzafikabe msanga kudzera pamlongoti. Mphamvu ya wailesi ya pa intaneti ili kwina: ili kwa ana a ku Angónia amene ali kutali. Ena ali mumzinda wa Tete ndi kumigodi ya malasha ku Moatize, ena ku Beira ndi Maputo, ena ku South Africa. Ambiri a iwo ali ndi netiweki yabwino kuposa ya kwawo, ndipo amalakalaka kumva kwaya ya kutchalitchi kwawo kapena ngoma ya m'mudzi mwawo.

Chilankhulo nachonso chimakulitsa bwalo. Chichewa cha ku Lifidzi chimamveka bwinobwino ku Dedza, Ntcheu ndi Lilongwe, komanso ku Katete ndi Chipata m'dziko la Zambia. Achewa a maiko atatuwa amakumana chaka ndi chaka ku Mkaika pamwambo wa Kulamba, ndipo Angoni a Maseko a mbali zonse za malire amadziwa kuti mbiri yawo idadutsa paphiri la Dómuè. Womvera wa ku Ntcheu sangatsegule wailesi ya ku Lifidzi kuti amve nyimbo yomwe akuimva kale pa MBC. Angaitsegule kuti amve chimene sangachipeze kwina kulikonse.

Nyimbo yatsopano imapezeka bwanji?

Masiku ano anthu ambiri amadziwa nyimbo zatsopano kudzera pa YouTube, TikTok, Facebook, Audiomack ndi Spotify, yomwe idayamba kugwira ntchito ku Moçambique ndi ku Malawi mu 2021. Masamba amenewa amasankhira munthu nyimbo poyang'ana zimene iye adamverapo kale ndi zimene anthu ena ambiri akumvera. Zotsatira zake n'zakuti nyimbo yotchuka imatchukiratchukira, pamene nyimbo yomwe sinakwezedwepo pa intaneti makinawo saidziwa n'komwe. Ngakhale pulogalamu ya Shazam, yomwe imatchula dzina la nyimbo ikangoimva, singazindikire nyimbo yomwe palibe amene adailembetsa. Ntchito yopeza nyimbo ya m'mudzi ikadali ya munthu wa miyendo ndi makutu.

Zakhala choncho kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey ankayenda ndi galimoto yonyamula makina ojambulira mawu m'midzi ya maiko ambiri a chigawo chino cha Africa, kuphatikizapo Nyasaland, yomwe lero ndi Malawi. Mu 1954 adakhazikitsa nyumba yosungira nyimbo yotchedwa International Library of African Music, yomwe tsopano ili payunivesite ya Rhodes ku South Africa. Nyimbo zambiri za makolo a nthawi imeneyo zikumvekabe lero chifukwa wina adapita kukazijambula ndi kulemba maina a oimba ndi midzi yawo. Ufulu utabwera, Rádio Moçambique idajambula oimba ambiri m'masitudiyo ake, idali ndi gulu lakelake loimba lotchedwa Grupo RM, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1980 yakhala ikuchititsa mpikisano wa Ngoma Moçambique wokweza nyimbo za m'dziko muno.

Zitsanzo za posachedwa zili kutsidya kwa malire. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, a gulu la Madalitso Band, adaimba kwa zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe, wina ndi babatoni wa chingwe chimodzi, wina ndi gitala ndi ng'oma yoimba ndi chidendene. Munthu wina wojambula nyimbo atawamva n'kuwatengera kusitudiyo, njira idatseguka. Mu 2017 adakaimba kuchikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, kenaka n'kuyamba maulendo a ku Ulaya. Agogo a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, adaimba moyo wawo wonse, koma achinyamata a maiko akutali adawadziwa atajambulanso nyimbo zawo ndi Patience Namadingo mu 2020, ndipo pambuyo pake nyimbo ya Linny Hoo idafalikira pa TikTok. M'nkhani zonse ziwirizi luso lidalipo kale, ndipo chidasintha zinthu ndi munthu amene adaima n'kumvetsera.

Ku Angónia malo omvetserawo akudziwika. Makwaya amaphunzira nyimbo zatsopano pokonzekera Khirisimasi ndi Pasaka, ndipo ambiri ali ndi wopeka wawo. Ku Lifidzi, kumene kuli mishoni yakale ya ansembe a Chijezuiti, kuimba kwa m'tchalitchi m'Chichewa kudazika mizu kalekale, ndipo mipingo ina yonse ili ndi makwaya ake. Amayi a chintali amapeka nyimbo zonena za zochitika za chaka chimenecho: mitengo ya feteleza, mwamuna wothera ndalama za fodya kumowa, mtsikana wosiya sukulu. Magulu a ngoma amatuluka pa zikondwerero ndi pa miyambo ya mafumu. M'masukulu muli ana oimba. Ndipo anyamata amene amathira nyimbo m'mamemori khadi pamsika amadziwa bwino kuposa aliyense nyimbo imene anthu akuifunsa sabata imeneyo, ngakhale ya woimba wosadziwika. Muulutsi wofuna zatsopano amapalana nawo ubwenzi anthu amenewa, amalengeza nambala ya WhatsApp yolandirira nyimbo, ndipo amapatula tsiku limodzi pasabata lomvetsera zonse zimene zabwera, mpaka kumapeto, asanasankhe.

Kujambula kwake sikufuna situdiyo yodula. Foni yabwino imakwana ngati wojambula asamala zinthu zingapo. Malo akhale kutali ndi chigayo, jenereta ndi msewu. Nyumba yofolera udzu imamveketsa mawu bwino kuposa ya malata, makamaka nthawi ya mvula. Ng'oma zikhale patali pang'ono ndi foni, oimba akhale pafupi, chifukwa ng'oma ikayandikira imameza mawu onse. Foni izimitsidwe netiweki kuti wina asaimbe nyimbo ili pakati. Panja pakakhala mphepo, kasiponji kapena sokosi yovekedwa pamaikolofoni imachepetsa phokoso.

Ikatha kujambulidwa, nyimbo ipatsidwe dzina. Aliyense amene adatsegulapo memori khadi ya pamsika amadziwa maina monga Track 01, kapena manambala aatali amene WhatsApp imapatsa mawu otumizidwa. Nyimbo yotere ingathe kufika mpaka ku Chipata, anthu n'kumaikonda, koma osadziwa mwini wake, ndipo woimbayo saitanidwa kukaimba kulikonse. Wailesi ikhale ndi kaundula, ngakhale wa m'kope wamba, wolembamo dzina la nyimbo, woipeka, oimba, mudzi, tsiku lojambulira ndi njira yowapezera. Maina omwewo alembedwe pafayilo, ndipo muulutsi aziwatchula nyimbo isanayambe ndiponso ikatha.

Nyimbo ili ndi mwini wake

Kukhala ndi nyimbo m'foni sikupatsa munthu ufulu woiulutsa. Ku Moçambique lamulo loteteza eni luso lidakonzedwanso mu 2022, kulowa m'malo mwa la mu 2001, ndipo bungwe la SOMAS ndilo limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo n'kugawira opeka ndi oimba olembetsedwa. Ku Malawi ntchito yomweyi imagwiridwa ndi COSOMA. Wailesi ya pa intaneti yoseweretsa nyimbo za oimba otchuka iyenera kukambirana ndi mabungwe otere monga zimachitira wailesi zina. Amene amaulutsira pa Facebook kapena YouTube amakumananso ndi makina ozindikira nyimbo za eni ake, omwe amatha kuzimitsa mawu kapena kutseka tsamba lonse.

Kwa oimba a m'mudzi, chofunika ndi chilolezo chomveka. Gulu liuzidwe kuti nyimbo yawo idzamveka kuti, kuti umwini ukhalabe wawo, ndiponso kuti angathe kuiletsa akafuna. Mgwirizanowo ulembedwe m'Chichewa papepala limodzi, kapena ujambulidwe m'mawu pamaso pa mboni. Oimba alandire kope la nyimbo yawo tsiku lomwelo. Kutchuka pa intaneti pakokha si ndalama, choncho ndi bwino kuwauza zoona kusiyana ndi kuwalonjeza chuma. Chomwe wailesi ingalonjeze ndi kutchula maina awo, kuwalumikiza ndi ofuna kuwaitana ku maukwati ndi zikondwerero, ndi kuwasonyeza njira yolembetsera ku SOMAS. Chizolowezi cholipiritsa woimba kuti nyimbo yake imveke chimapha wailesi, chifukwa omvera sachedwa kuzindikira kuti akumva za amene ali ndi ndalama, osati za amene ali ndi luso.

Pali nyimbo zina zomwe mwini wake ndi mudzi wonse. Nyau, kapena kuti Gule Wamkulu, idalemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha Malawi, Moçambique ndi Zambia. Ulemu umenewu sutanthauza kuti chilichonse cha gule n'choulutsa. Zovinidwa pabwalo anthu onse akuona zingajambulidwe mfumu ndi akuluakulu a gulewo akalola. Za kudambwe, ndi malangizo a kuchinamwali, sizituluka. Chinthu chikangokwezedwa pa intaneti n'chovuta kuchibweza, ndipo wojambula mmodzi wosafunsa angatsekere khomo onse obwera pambuyo pake.

Kuti wailesi isafe mwezi wachitatu

Walira mvula walira matope. Kutsegula wailesi yotere kumatheka pa tsiku limodzi, koma kuisunga kumafuna mamega mwezi uliwonse, batire yosatha mphamvu, ulendo wa kumidzi ndi anthu osatopa. Munthu mmodzi sangathe. Pamafunika gulu laling'ono logawana ntchito: woyang'anira makina, wofunafuna ndi kujambula nyimbo, wolankhula, ndi wosunga kaundula ndi ndalama. Ndandanda ikhale yaifupi koma yosaphonya. Ola limodzi madzulo alionse, pa nthawi yodziwika, limasunga omvera kuposa lonjezo la maola 24 lomwe likwaniritsidwa sabata imodzi yokha.

Kalendala ya ulimi nayo iwerengedwe. Kuyambira November mpaka March anthu amakhala otanganidwa ndi kubzala, kupalira ndi kubandira, misewu imaterera ndipo dzuwa lotchajira sola limachepa. Nthawi yabwino yojambula ndi pambuyo pa kukolola, pamene maukwati, ziliza ndi magule zimachuluka. Zojambulidwa m'miyezi imeneyo zisungidwe pamalo awiri osiyana, kuti zidzagwire ntchito m'dzinja ndiponso kuti foni ikatayika ntchito yonse isatayike nayo.

Ndalama zoyendetsera zingachokere ku moni ndi mauthenga a omvera akutali, otumizidwa kudzera pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, ndi ku malonda ang'onoang'ono a ogulitsa mbewu, eni zigayo ndi okonza njinga. Zonse zilembedwe poyera kuti gulu lisagawikane. Ndipo wailesi ikafuna kuwonjezera nkhani pamwamba pa nyimbo, ikhale itafunsa kaye ku GABINFO za kalembera, n'kukumbukira kuti mphekesera youlutsidwa pa intaneti imavulaza anthu monga momwe ingachitire pa FM.

Njira yomwe ingapindulitse onse ndi mgwirizano ndi mawailesi omwe alipo kale. Wailesi za m'madera, kaya zili pansi pa ICS kaya zili m'bungwe la FORCOM, zimafuna nyimbo za m'dera lawo koma nthawi zambiri zilibe anthu ndi mafuta okwanira kufika mudzi uliwonse. Gulu la achinyamata lomwe lili ndi nyimbo zojambulidwa bwino, maina olembedwa ndi chilolezo cha eni ake lili ndi chinthu chokapereka kumeneko. Zikatero nyimbo imodzi imayenda njira ziwiri: pamlongoti kupita kwa mlimi wa kawailesi ka mabatire, ndi pa intaneti kupita kwa mwana wake amene ali ku Moatize kapena ku Johannesburg, onse akumva dzina la woimba ndi la mudzi wake.